Ndodo yotsukira mawindo uli pansi ija, ndiigwiritse bwanji osavulala?

Mnyamata_wa_Matawale

Moni nonse akuluakulu. Ine ndili ndi kageni kotsuka mawindo ndi kukolopa m'maofesi konkuno ku Zomba, nthawi yonseyi ndakhala wa makwerero ndi ndowa basi. Nde achimwene anga omwe ali ku Joni anditumizira ndodo ija imafutukuka, kumapeto kuli burashi ndipo madzi amadutsa mu kapaipi kakang'ono mpaka kukatulukira pa burashipo, iwe ukutsuka uli chiimire pansi osakwera. Pambali analemba kuti carbon, ukaifutukula yonse ikufika mamita 9. Yabwera ndi chigubu choberekera kumsana cha malita 20 chokhala ndi pampu ndi batire yake, komanso kabotolo kena kodzadza timibulu tating'ono akuti ndi resin.

Pano ndapeza ntchito pa hositelo ina ya nsanjika zitatu cha ku Chikanda komwe kumakhala ana a ku yunivesite. Ndinayeserera kaye pa nyumba ya aneba, zotsatira zake sizinandisangalatse, galasi likauma likumatsala ndi timadontho toyera paliponse, komanso khosi ndi mapewa zinachita kuuma moti usiku kutembenuka kunali kovuta. China chomwe chikundipatsa maganizo, kuseri kwa hositeloyo kukudutsa mawaya a magetsi, alandilodi akuti palibe vuto ndidzangobwera tsiku loti magetsi athima. Amene munaigwirapo ndodo imeneyi tandiuzeni, ndiyambire pati?

Madala_wa_Mawaya

Mwana wanga za madontho akuyankha ena, ine ndiyankha za mawaya chifukwa madontho sanaphepo munthu. Ndagwira za magetsi mpaka imvi izi ndipo zomwe anena alandilodi akozo uzitaye kutali lero lomwe.

Carbon fibre imadutsa magetsi. Anthu amaiona yakuda yopepuka nkumayesa pulasitiki, ayi, kwa magetsi ndi chimodzimodzi wagwira chitsulo. Ngakhale ikanakhala ya fibreglass, ndodo yonyowa yomata fumbi, manja onyowa, iwe utaponda pamatope, magetsi apeza njira basi. Zilipo zina amati gawo lakumunsi lomwe umagwira ndi lotetezedwa koma iwe yakoyo sukudziwa kuti inayezedwa bwanji komanso ikangokalika pang'ono chitetezocho chatha, nde iwerengere kuti yonse ndi waya.

Pita ukayang'ane mawayawo bwinobwino uli patali. Ukaona atatu opanda chokutira ali pamwamba penipeni pa polo, atakhala pa timbale tija tadothi kapena tagalasi, makamaka ngati pafupi pali thiransifoma, amenewo ndi a 11kV, malo ena 33kV. Kutanthauza mavoti 11,000 kapena 33,000 pomwe a m'nyumba mwako ndi 230 okha ndipo 230 yomweyo imapha. Pa mawaya akuluwo sipafunika kuchita kugunda, ukangoyandikitsa kwambiri moto umalumpha wokha kudzera mumpweya. Ku UK malangizo awo amati osayandikira mamita 3 pa 11kV ndi 33kV, ndi mita imodzi pa mawaya a m'nyumba, koma amenewo ndi malire omaliza. Iwe uwerengere chonchi, ndodo yako ikakupulumuka m'manja nkugwa chagada, kodi ifika pa wayapo? Ngati ndi mamita 9 ndipo waya ali mamita 6 kuchoka pomwe waima, yankho uli nalo kale, mbali imeneyo si ya ndodo. Chaka chilichonse nyengo ya mango timamva za ana ogwidwa ndi magetsi akuthyola ndi nsungwi yaiwisi, iweyo yako ndi yoposa nsungwi komanso ukuchita kuithirira madzi.

Tsopano nkhani ya kuthima kwa magetsi. Waya woti magetsi athima si waya wakufa. Akhoza kuyaka mphindi iliyonse popanda wokuuza, ndandanda ija imasintha. Chinanso masiku ano anthu ali ndi majenereta ndi ma inveta a sola, wina akalumikiza mwachidule opanda switch yosinthira, magetsi ake amabwerera mu laini, akadutsa pa thiransifoma chobwerera amakwera nkukhala akuluakulu. Laini imakhala yakufa pokhapokha eni ake a ESCOM aizimitsa, aitsekera ndi kuimangirira mawaya a earth iwe ukuona. Ngati alandilodi akufunitsitsa mbali imeneyo apite okha ku ofesi ya ESCOM akafunse, nyumba ndi yawo.

Usaiwalenso kawaya kaja kamachoka pa polo kubwera pa nyumba, kamamangidwa pakhoma m'munsi mwa denga, nthawi zambiri pafupi ndi zenera lapamwamba. Kamaoneka kokutidwa bwino koma dzuwa lathu lino limaphwanya chokutiracho, burashi ikakola pamenepo zako zada. Magumbutsi ndi magolovesi a pamsika sangakuteteze ku 11kV, osadzinamiza.

Bambo_a_Chisomo

Madala anena zonse, ine ndingowonjezera kuti posamuka kuchoka mbali ina kupita ina uziibweza ndodo ikhale yaifupi nkuinyamula chogoneka, osayenda nayo ili njo m'mwamba maso ali pa zenera.

Za madontho achimwene, ndinagwirako ntchito imeneyi ku Johannesburg pa kampani ina yotsuka ma shopping mall. Chinsinsi chonse chili pa madzi osati pa ndodo. Madzi a pampopi ngakhale aoneke oyera bwanji amakhala ndi timchere tosungunuka, calcium, magnesium ndi zina, madzi akauma timchereto timatsala pagalasi, ndiwo madontho mukuonawo. Njira imeneyi imagwira chifukwa madzi amakhala ochotsedwa mchere wonse nde amauma okha osasiya kanthu, nchifukwa chake sitipukuta komanso sitithira sopo ngakhale pang'ono. Resin ija ndiye imagwira mcherewo madzi akamadutsa. Ndikukayika ngati munadutsitsa madzi mmenemo pang'onopang'ono, kapena mwina inabwera itatha kale mphamvu, zimachitika ikakhalitsa potseguka nkuuma.

Chofunika mupeze ka TDS mita, koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, nkakang'ono ngati cholembera, mumangoviika m'madzi nkuwerenga nambala. Madzi otuluka mu resin azionetsa 000, akafika cha m'ma 10 ndiye kuti resin yatopa musinthe, mukapitiriza mubwerera ku madontho aja. Muyezenso a pampopi musanasefe kuti mudziwe resin yanu idzatha msanga bwanji. Ife a mutauni muno tili ndi mwayi pang'ono poti madzi a Southern Region Water Board amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, madzi a m'phiri kawirikawiri mchere wake umakhala wochepa, komabe yezani nokha musangomvera ine. Koma a pa mjigo makamaka mukamatsikira cha ku nyanja ya Chilwa, amene aja ngakhale pakamwa amamveka mchere, resin yanu itha musanamalize nsanjika imodzi. Madzi oterowo amafuna kaye makina osefera madzi otchedwa RO (reverse osmosis) achotse mchere wambiriwo, resin nkumangomalizitsa. A mvula ndi abwino zedi, bola mutaye oyamba omwe atsuka fumbi la pamalata ndipo musefe zinyalala, muwayezenso.

Komanso dziwani kuti ulendo woyamba pa nyumba yomwe akhala akutsuka ndi Omo kapena Sunlight zaka zonsezi madontho amavuta ngakhale madzi anu ali 000, chifukwa sopo wakale ndi fumbi zinabisala m'mafelemu, madzi akalowa zimatsika pagalasi inu mutachoka. Nde muyambe ndi felemu yapamwamba, muikwechese bwino, musiye idonthe mukutsuka zenera lina, kenako mubwerere pa galasi lokha, kukwecha kukwera ndi kutsika, pomaliza muchotse burashi pagalasi pang'ono nkutsukuluza kuyambira pamwamba mukupita uku ndi uku mpaka pansi, osagundanso felemu yapamwamba ija. Nsanjika yapamwamba koyamba, yapansi komaliza. Alandilodi muwauziretu kuti ulendo woyamba mwina sizikhala bwino kwenikweni, wachiwiri ndiye adzaona.

Khosi ndi mapewa, vuto mukuima pafupi kwambiri ndi khoma. Mukaima m'munsi mwenimweni mutu umapindikira kumbuyo mpaka mapeto ndipo kulemera konse kwa ndodo kuli m'manja. Bwererani m'mbuyo kuti ndodo itsamire pagalasi, khoma likunyamulireni gawo lina. Kukankha kuzichokera m'miyendo, phazi lina kutsogolo lina kumbuyo, mukusuntha thupi lonse kupita kutsogolo ndi kubwerera, manja asamakwere kupitirira mapewa. Zenera lili cha kumbali musalifikire mopotoza msana, yendani mukaime moyang'anana nalo. Pofutukula yambani ndi magawo ang'onoang'ono akumtunda ndipo mutulutse utali womwe ukufunika basi, nsanjika yachiwiri safuna mamita onse 9. Muzisinthana manja komanso muzipuma pafupipafupi. Aliko magalasi ena ovala omwe amagwiritsa anthu okwera mapiri, umayang'ana kutsogolo koma ukuona m'mwamba, ngati achimwene anu angawapeze ku Joni ndi abwino ku khosi koma osayenda mutawavala.

Ndipo chigubu chija musachibereke mukutsuka. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, nde malita 20 kuphatikiza batire ndi pampu mwadutsa makilo 20 pamsana uku mukuyang'ana kumwamba, msana wake uti? Chiikeni pansi kapena pa katirole, ngakhale wilibala imagwira, muwonjezere paipi.

Jah_B_Chinamwali

kkkkk koma anthu inu, zonsezi chifukwa cha zenera? mita, resin, magalasi a okwera mapiri, ESCOM ibwere kaye. Aise tenga makwerero ndi nyuzipepala yakale umalize ntchito ulandire dola yako, agogo athu ankatsuka nyumba za atsamunda zija ku Zomba kuno likulu lisanapite ku Lilongwe, anali ndi resin? Nanga bilu ya madzi alipira ndani

Bambo_a_Chisomo

Jah B nyumba za atsamunda zija zambiri ndi zapansi zokhala ndi khonde, kapena nsanjika ziwiri basi. Taima pansi pa hositelo ya nsanjika zitatu uyang'ane zenera lomaliza, ukwerepo pa makwerero a matabwa dzanja lina ndowa lina nyuzipepala, pansi pali potsetsereka ngati mmene ulili mtunda wa Zomba. Ku UK ndodozi zinafala kwambiri atakhazikitsa lamulo la 2005 lokhudza kugwira ntchito pamwamba, lomwe limati ngati ntchito ingatheke uli pansi usakwere. Za madzi ukunena zoona pang'ono, pampu ikamatulutsa malita awiri pa mphindi chigubu cha 20 chimatha mu mphindi 10, nde pafunika kavalavu kapena kupinda paipi posamuka kuti asamangotayika. Zimenezo aziwerengere pa mtengo.

Anaphiri_aku_Kalimbuka

Zikomo abambo nonse mwalankhula bwino, koma nonse mukuyang'ana kumwamba, ine ndinene za pansi. Ndili ndi anyamata ndi atsikana omwe timagwira nawo ntchito zoyeretsa ndipo ndodo ngati imeneyi tili nayo ngakhale yathu ndi yaifupi.

Mwanawe usapite wekha. Pakhale wina woti ntchito yake ndi kuyang'ana basi, kuona anthu odutsa, kukoka paipi, kukuuza zomwe zili kumbuyo kwako. Iwe maso ali m'mwamba ukubwerera m'mbuyo monga akuuzira a Bambo a Chisomo, ndipo nyumba za kuno ukudziwa zimazunguliridwa ndi ngalande zakuya chifukwa cha madzi otsika m'phiri, ena maenje a zimbudzi anangovundikira ndi kasilabu kong'aluka. Usanatulutse ndodo zungulira nyumba yonse wapansi uone pomwe uziponda, zingwe zoyanikira zovala, madishi a TV pakhoma, mapaipi a madzi otentha, zonse.

Pa hositelo ndiye samala kawiri, ana aja amayenda maso ali pa foni m'makutu atatseka. Paipi yako ikadutsa pa njira wina akodwa, komanso akakodwa amakoka ndodo ili m'manja mwako. Tchinga malowo, ngati ulibe makoni ngakhale zigubu ndi chingwe chomangirira timapepala tofiira zimathandiza, ndipo paipi idutse m'mbali mwa khoma. Makhonde opaka Cobra akanyowa ndi oterera koopsa, ife timayala masaka kapena kukolopa pompopompo. Burashi uziiyang'ana m'mawa uliwonse kuti yamangika, ndi tomangira ta magawo tija tisakhale tolobodoka, gawo limodzi likatsetsereka mwadzidzidzi limatsina chala kapena burashi imamenya galasi.

Uza anawo dzulo lake kuti atseke mawindo onse. Malaputopu awo ndi mabuku amaika pa zenera pomwepo, ukanyowetsa imodzi ndalama yonse ya ntchitoyo yapita ndi ngongole pamwamba. Mawindo a malova aja a timagalasi topingasa ine ndinawaletsa kugwiritsa ndodo, madzi amalowa mkati ngakhale atseke bwanji komanso kagalasi kamodzi kakasomphoka kakugwera iwe amene uli pansi. Chimodzimodzi mafelemu achitsulo akale omwe pate wake anauma nkuyamba kugwa, galasi limakhala longogwirira, ulione kaye usanalikankhe. Ngati mabagala baa ali kunja burashi siifika pagalasi bwinobwino ndipo dzimbiri limatsikira pomwe watsuka, pamenepo ndi pamanja basi kuchokera mkati.

Mavu! Palibe wanena za mavu. Amakonda kumanga m'munsi mwa denga ndi m'makona a mawindo apamwamba, ukagunda chisa ndi burashi amatsata ndodo kutsika, nde munthu amaponya ndodo nkuthawa osaona komwe ikugwera. Yang'ana kaye.

Nyengo nayo, miyezi ya June ndi July chiperoni chikabwera ndi mphepo yake ndodo ya mamita 9 simvera munthu, mphepo ikangoyamba kukukankha ibweze. Dzinja ukamva kugunda ngakhale kuli kutali cha ku phiri, tsitsa ndodo ulowe m'nyumba, sungaime pabwalo utanyamula chinthu chodutsa magetsi cholozera kumwamba kukuchita ziphaliwali.

Chomaliza madzi otsala usawasunge m'chigubu padzuwa masabata, madzi ofunda ongokhala amaswa tizilombo totchedwa Legionella timene timalowa m'mapapo munthu akapuma nthunzi ya madzi opoperawo, chibayo chake nchoopsa. Khuthula, tsuka, uumitse. Ukadzakula nkugula thanki ya pa pikapu udzakumbuke kuti malita 500 ndi theka la tani, imafuna kumangidwa ndi mabawuti osati tizingwe ta mphira. Ndipo ukalemba mnzako wokuthandiza uja, lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pa ntchito limaika udindo pa iwe bwana wake, nsapato zosaterera ndi kajekete kowala umugulire.

Mnyamata_wa_Matawale

Eee zikomo kwambiri madala, bambo a Chisomo ndi mayi, sindimayembekeza zambiri chonchi. Jah B iwe ndiye ayi kkkk. Ndadutsako masana ano, mawaya aja ndi atatu opanda chokutira ndipo thiransifoma ili pakona pa mpanda, kuchoka pakhoma la nyumba kufika pansi pa mawayawo ndayenda mapazi asanu ndi awiri basi. Nde kuseriko ndodo siipita. Ndawauza alandilodi kuti kutsogolo ndi m'mbali ndichita ndi ndodo, kuseri ndilowa m'zipinda nditsukire mkati poti mawindo ake ndi otsekula, anayamba kunyinyirika kuti ana sakonda kulowerwa m'zipinda koma avomera tichite Loweruka. Ngalande ilikodi mayi, yakuya kufika m'mawondo. Funso latsala, ka mita kaja ndi resin ndingazipeze kuti, Blantyre? Komanso ngati ndodo itagunda waya mwangozi munthu amatani?

Madala_wa_Mawaya

Wachita bwino. Koma m'mbali mwa nyumbamo ukamayandikira kona yakuseri uwerengerenso kugwa kwa ndodo kuja, zenera lomaliza lakukona ulichitirenso mkati. Ndipo potsukira mkati usatulutse thupi pazenera kapena kutulutsa chogwirira chachitali, makwerero a aluminiyamu nawonso asapite kuseriko.

Ikagunda waya, amene waigwirayo nthawi zambiri sakhala ndi mpata wochita kanthu, nde mawuwa ndi a mnzako woyang'anira uja, umuuze asanayambe. Asakugwire, asagwire ndodo, asagwire paipi kapena chigubu, ngakhale madzi omwe ali pansi. Pa 11kV zoti akukankhe ndi thabwa louma sizigwira, afa nawe. Nthaka yozungulira pomwe ndodo yagwera imakhala ndi magetsi, nde aliyense atalikire mamita 10 kapena kuposa, ndipo amene ali pafupi achoke mokhwekhwereza mapazi ali pamodzi osati kuthamanga ndi mapazi otalikirana. Aimbire ESCOM azimitse, nambala yawo ya ma fault ikhale mu foni zanu nonse awiri musanayambe ntchito. Ukamva kuti laini yathima yokha usakhulupirire, makina ena amayesa kuyatsanso okha pakapita timasekondi. Munthu amene wagwidwa ndi magetsi ngakhale adzuke nkumati ndili bwino apite ku Zomba Central akamuone mtima, kupsa kwa magetsi kumakhala mkati.

Bambo_a_Chisomo

Ka TDS mita funsani m'mashopu ogulitsa mapampu ndi zosefera madzi ku Blantyre kapena Limbe, apo ayi achimwene anu aponye mu katundu wotsatira, nkotchipa ku Joni. Resin muwauze kuti mukufuna ya mixed bed, chifukwa iliponso ina yofewetsa madzi yomwe amaitsitsimutsa ndi mchere, imeneyo madontho sachoka. Muisunge mu thumba lomanga bwino pamthunzi isaume. Podikira, pitani kwa anthu aja amadzadzitsa madzi akumwa m'mabotolo akuluakulu, ambiri amasefa ndi RO, muwapemphe ayeze muone nambala, ena amabwezeramo timchere kuti madzi akome nde mupemphe omwe sanabwezeremo. Mukadutsitsa amenewo mu kabotolo kanu resin ikhalitsa. Loweruka ngati muyamba m'mawa nditha kudutsa ndi mita yanga tidzayeze a pampopi wa pa hositelopo, nditumizireni uthenga ku inbox.